Mjigo ndi wathu, nanga Facebook ndi ya yani?

Abale anga a kuno ku Neno, ndi inu muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, lero sindilemba za mitengo ya mbatata ayi. Ndikufuna tikambirane za bwalo lino limene timakumanapo, mwini wake ndi ndani, ndipo ife tili pano ngati ndani. Nkhani yake ndi yaitali, ndiye amene bandulo yanu yatsala pang'ono kutha, sungani kaye mudzawerenge usiku.

Chandiyambitsa ndi mkangano wa anyamata awiri pa gulu lathu la WhatsApp la kumudzi. Mmodzi, mwana wa mlongo wanga amene ali ku yunivesite, akuti zonsezi ndi capitalism, eni ndalama akunja akutidyera masuku pamutu, tituluke tonse. Winayo, amene amagulitsa mayunitsi pa Ligowe, akuti akuluakulu musamvere ana a sukulu, pakanapanda makampani amenewa bwenzi tikulemberanabe makalata. Anakokanakokana masiku atatu mpaka adimini anawaopseza kuti awachotsa. Ine sindinayankhe pamenepo, chifukwa pa gulu paja munthu ukalemba mizere yoposa isanu amati wayamba ulaliki.

Ndiyambe ndi wa mayunitsiyo, poti anthu ophunzira amafulumira kumunyoza. Ife amene tinakula Neno isanakhale boma payokha, chaka cha 2003 chisanafike, tikukumbuka mmene uthenga wa maliro unkayendera. Munthu ankadzuka m'bandakucha kupalasa njinga kukafuna lamya, kapena tinkadikira kuti MBC iulutse uthengawo ndi kupemphera kuti achibale ali pafupi ndi wailesi. Ena ankafika patatha sabata, maliro ataikidwa kale. Ndalama yochokera ku Joni inkabwera m'thumba la munthu, ndipo nthawi zina inkafika itaonda. Lero mwana akatumiza pa Mukuru, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, gogo walandira dzuwa lisanalowe. Nsanja za foni zili pa mapiri athuwa sinamange ndi mipingo, sinamange ndi mafumu. Anamanga ndi anthu ofuna phindu. Zimenezo n'zoona ndipo sinditsutsa.

Inenso phindu ndimalifuna. Ndimalima mbatata ya kachewere kuti ndigulitse, ndimalemba aganyu, ndipo venda akabwera sindimuuza kuti m'bale wanga tenga ulere. Mawu akuti capitalism amene mphwangayo amawakonda, ine ndimawamva chonchi: amene ali ndi mpamba ndiye amakhala mwini wa zipangizo, ena onse amagwira ntchito kapena kugula kwa iye. (Paja ngakhale ndalama za pa foni anazitcha Mpamba, anthu aja dzina amadziwa kusankha.) Pa msika pakakhala ogula khumi ndi ogulitsa khumi, zimenezi sizindiopsa. Uyu akandinyenga, ndipita kwa uyo.

Chimene chimandiopsa ndi china. Taganizani msika wa pa Zalewa utakhala kuti malo onse ndi a munthu mmodzi. Sikelo ndi yake. Msewu wolowera ndi wake. Ndiye amasankha kuti benchi ya uje ikhale kutsogolo, ya uje ikhale kuseri kwa chimbudzi. Pamwamba pa zonsezo ali ndi kope limene amalembamo aliyense wolowa, zimene wagula, amene walankhula naye, ndi nthawi imene waima kuyang'ana nsapato osagula. Kulowa ndi ulere, inde. Koma mungautchebe msika umenewo kuti ndi wanu?

Ndi mmene zilili pano. Facebook, WhatsApp ndi Instagram zonse ndi za kampani imodzi ya ku America yotchedwa Meta. Instagram anaigula mu 2012 ndi madola 1 biliyoni. WhatsApp anaigula mu 2014 ndi madola pafupifupi 19 biliyoni. Ndipo m'kampanimo munthu mmodzi, Mark Zuckerberg, ali ndi mavoti oposa theka, kutanthauza kuti ngakhale ena onse okhala ndi masheya atagwirizana sangamugonjetse. Ndiye amene amati ine za Facebook ndinasiya, ndili pa WhatsApp basi, wangochoka pa khonde n'kulowa m'chipinda cha nyumba yomweyo.

Nanga ndalama amapeza bwanji poti ife sitimulipira? Pafupifupi ndalama zake zonse zimachokera kwa otsatsa malonda. Iwo amalipira kuti malonda awo afike m'maso mwa anthu, ndipo anthuwo ndi ife. Chimene chimatisunga pano ndi zithunzi za ukwati wa mwana wa neba, nkhani za maliro, nthabwala za anyamata, mikangano ya Bullets ndi Wanderers, ngakhale zolemba zanga zazitalizi. Zonsezo timalima ndife. Mbewu ndi yathu, khasu ndi lathu, bandulo tagula tokha, koma nkhokwe ili ku California.

Agogo athu anali ndi dzina la zinthu zotere. Kale mawu akuti kuthangata ankatanthauza kuthandizana, monga kukalimira mnzako amene wadwala. Atsamunda atatenga malo ku Mulanje, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Zomba, anatenga mawu abwinowo n'kuwaveka pa chinthu china: ukhale pa malo anga, koma m'malo mwa lendi undigwirire ntchito. Thangata ameneyu ndi chimodzi mwa zimene zinakwiyitsa John Chilembwe mpaka kuukira mu January 1915, ndipo esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi imene inatchuka ndi nkhanza zake. Musandimve molakwa, palibe akutikwapula ndi chikoti pa foni, ndipo kufanizira mavuto a agogo aja ndi athuwa ndendende kungakhale kuwanyoza. Chimene ndikuona chofanana ndi chinyengo cha mawu. Nawonso pano anatenga mawu okoma, akuti mnzako, akuti gawana ndi ena, akuti gulu, n'kuwaveka pa ntchito imene phindu lake limapita kwa mwini malo.

Mlendi amadziwika tsiku limene mwini nyumba watseka chitseko. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, kuno kuyambira chakumadzulo mpaka cha pakati pa usiku. Ambiri tinkayesa ndi netiweki yathu ya masiku onse, ena anakwera pa chulu, ena anazimitsa foni n'kuyatsanso kakhumi. Vuto linali ku makina awo komweko. Tsiku limenelo linali ngozi chabe ndipo anakonza. Koma linationetsa kuti gulu la mpingo, gulu la banki m'khonde, gulu la makolo a pa sukulu, ndi manambala a ogula mbatata, zonse tapachika pa msomali umodzi, ndipo khoma lake si lathu.

Pakati pa ife ndi California palinso alonda awiri a pa geti. Makampani a foni amene amafikadi kumudzi ndi awiri, Airtel ndi TNM. Airtel Malawi ndi nthambi ya Airtel Africa, imene mizu yake ili ku India, ngakhale mu 2020 anagulitsako masheya 20 pa 100 alionse pa msika wa masheya wa ku Blantyre. TNM, mwini wake wamkulu ndi Press Corporation. Mu 2020 anthu anafuula za kukwera mtengo kwa intaneti mpaka nkhani inafika ku MACRA, mukukumbuka. Koma pali kanthu kena kamene sitikambirana kawirikawiri. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha imakhala yotchipa kuposa bandulo yolowera paliponse. Munthu wa K500 asankha iti? Ndiye mwana wa Fomu 3 amene akanatha kufufuza za matenda a mbatata kapena kuwerenga buku, amathera m'nyumba ya Meta, osati chifukwa wakonda, koma chifukwa khomo lotchipa ndi lomwelo.

Izi sizinayambe dzulo. Mu 2015 Facebook inabweretsa kuno chimene inkachitcha Internet.org, pambuyo pake Free Basics: intaneti yaulere, koma yongolowera malo ochepa amene iwo avomereza. Ku India boma linaletsa zimenezi mu February 2016, linati kampani isamasankhire anthu koyenda pa intaneti. Ife tinalandira ndi manja awiri. Sindikudzudzula munthu, wanjala safunsa kuti nsima waphika ndani. Koma zotsatira zake n'zakuti lero pali anthu ambiri m'midzi muno amene ukawafunsa za intaneti amayankha za Facebook, ngati munthu amene amayesa kuti dziko lonse limathera pa Mwanza.

Kuti nyumba zofalitsa nkhani zikhale ndi eni ake si zachilendo kwa ife. Nthawi ya Kamuzu wailesi inali imodzi, MBC, ndipo inkanena zimene boma lafuna. Daily Times inali m'manja mwa Kamuzu yemweyo. The Nation anaiyambitsa ndi Aleke Banda mu 1993, Zodiak anaiyambitsa ndi Gospel Kazako mu 2005. Aliyense wa amenewa anali ndi mbali yake, ndipo omvera tinkadziwa kuchotsera. Kusiyana kwake n'kwakuti amenewa khomo lawo timalidziwa. Akakunamizira ungathe kukwera basi, kukagogoda, kapena kuwatengera kukhoti. Nanga tsamba la munthu likatsekedwa pano, kapena wina akaba dzina lako n'kumapempha ndalama kwa abale ako, ukagogoda kuti? Lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti likhoza kundipeza ine pano pa Neno ndikalemba zolakwika, ndipo anthu amangidwapo kale chifukwa cha zolemba zawo. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta, chinthu chabwino ndithu. Koma dzanja la boma lathu ndi lalitali pogwira mlimi, pogwira kampani ya ku America limafupika.

Tsono mphwanga akuti tituluke. Tipite kuti, mwana wa mlongo wanga? Ogula mbatata ali pano. Amalume ako a ku Joni ali pano. Ine ndikatuluka ndekha, Zuckerberg sagona ndi njala, wogona ndi njala ndine. Funso labwino si lakuti tituluke kapena tikhale. Funso ndi lakuti kodi chipangizo chingapangidwe mwa njira ina, yoti ochigwiritsa ntchito akhale ndi mphamvu pa icho? Yankho lake lili pakati pa mudzi wathu, ndipo amayi amaligwira ndi manja m'mawa uliwonse.

Ndikunena mjigo. Mijigo yambiri m'Malawi muno ndi ya mtundu wotchedwa Afridev. Ambiri sadziwa kuti mbiri yake inayambira kuno kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri anapanga pampu yotchedwa Maldev muno m'Malawi, kenako inakakonzedwanso bwino ku Kenya n'kutchedwa Afridev. Mijigo yakale isanabwere imeneyi, ikawonongeka anthu ankadikira galimoto ya boma ndi amisiri ake, miyezi n'kumapita, amayi atabwerera kumtsinje. Opanga Afridev anachita zinthu ziwiri zimene ine ndimazilemekeza. Choyamba, anaipanga moti anthu a m'mudzi, ataphunzitsidwa masiku ochepa, angathe kutsegula ndi sipanala imodzi, kusolola ndodo zake, kusintha labala yotha n'kubwezeretsa, osazula mapaipi. Chachiwiri, mapulani ake sanawatsekere m'kabati. Palibe kampani imene ili ndi chiphaso choletsa ena kuipanga. Fakitale iliyonse, ya ku India kapena ya kuno ku Africa, ingathe kutenga mapulaniwo n'kupanga pampu kapena zipangizo zake.

Taonani tsono. Opanga mijigo amapeza phindu. Wa sitolo ya hadiweya wogulitsa malabala amapeza phindu. Mmisiri wa m'dera amene timamuitana zikativuta timamulipira. Malonda alipo ndithu, palibe amene waletsedwa kudya thukuta lake. Koma palibe mmodzi mwa iwo amene angadzuke m'mawa n'kunena kuti kuyambira lero madzi a m'mudzi uno muzitunga Lachiwiri lokha, kapena kuti ndisanakupatseni madzi mundiuze amene munacheza naye dzulo. Sitolo iyi ikakweza mtengo, tigula ku inayo. Ana a sukulu akamanena za open source, ine ndimamva mjigo: chinthu chimene mkati mwake mungathe kuonamo, kukonza, ndi kupanga china chofanana nacho popanda kupempha chilolezo.

Za makompyuta zoterezi ziliponso, ndipo si za ku Ulaya kokha. Zili konkuno. Bungwe la Partners In Health, limene timalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linafika ku Neno mu 2007. Mbiri za odwala ambiri a matenda a mgonagona amazisunga pa pulogalamu yotchedwa OpenMRS, imene inayambika mu 2004 ndipo ndi yotseguka: dziko lililonse lingathe kuitenga, kuisintha kuti igwirizane ndi zipatala zake, osalipira mwini. Azaumoyo a m'midzi amene amatiyendera m'makomo ndi foni m'manja amagwiritsa ntchito YendaNafe, imene inamangidwa pa maziko otseguka a bungwe la Medic. Ndipo Medic imeneyo mbewu yake inamera m'Malawi momwe muno, pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete mu 2008, pamene anayamba kulumikiza azaumoyo a m'midzi ndi chipatala pogwiritsa ntchito mauthenga wamba a pa foni. Ngakhale itel ndi Tecno zili m'matumba mwathuzi zimayendera Android, imene pansi pake pali Linux, pulogalamu imene mnyamata wa ku yunivesite ku Finland, Linus Torvalds, anaiyamba mu 1991 n'kuisiya yotseguka. Google inadzamanga sitolo yake pamwamba pake n'kuika geti, koma maziko ndi a aliyense.

Apa mphwanga asayambe kuvina msanga. Chinthu chotseguka si chinthu chodzisamala chokha. Tonse tikuidziwa mijigo imene yakhala chaka osatulutsa madzi, osati chifukwa mapulani ndi obisika, koma chifukwa komiti inatha, msungichuma anadya ndalama, kapena anagula labala yachinyengo imene inatha mwezi umodzi. Ufulu wokonza ulibe ntchito ngati palibe wosonkha ndi wogwira sipanala. Za zipatala n'chimodzimodzi. Mu 2025 boma la America litadula thandizo lodzera ku USAID, dziko lonse linanjenjemera. Pulogalamu yotseguka ili ndi ubwino wakuti wopereka thandizo akachoka sainyamula, imatsala. Koma imafuna munthu wodziwa kuisamala, ndipo munthuyo amadya. Ngati boma lathu silikonza zolipira ana athu odziwa makompyuta, tidzakhala ndi mijigo yabwino yopanda komiti.

Alimi anzanga nkhaniyi mukuidziwa kale kudzera ku mbewu. Chimanga cha makolo umasunga wekha, umagawira mnzako, chimapirira anankafumbwe, ufa wake umakoma, koma zokolola zake n'zochepa. Cha haibulidi chimabereka, koma chaka chilichonse ubwerere ku sitolo ndi ndalama, ndipo kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023 tinaona mmene kudalira sitolo kumawawira. Mlimi wanzeru sataya chilichonse mwa ziwirizi. Amadzala haibulidi kuti agulitse, koma kuseri kwa nyumba amasiya mizere ya chamakolo, ndipo ngala zabwino amazipachika pa utsi. Ine pa za mafoni maganizo anga ndi omwewo, ndipo ndikuona kuti mizere ya kuseri kwa nyumbayo ndi imene tilibe.

Ife a ku Neno tiyenera kumva msanga nkhani ya umwini kuposa ena. Magetsi a dziko lino ambiri amachokera pa Shire pompano, pa Nkula pamene anayamba kupanga magetsi mu 1966, ndi pa Tedzani. Mawaya amadutsa pamwamba pa minda yathu kupita ku Blantyre, ife tikutchajitsa foni pa kasola ka pa golosale. Manachesi athu amatchuka m'tauni ndi dzina la Mwanza. Msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza takhala tikuumva m'malonjezo kuyambira ana amene lero ali ndi ana awo asanabadwe. Kukhala pafupi ndi chinthu, ngakhale kuchipanga ndi manja ako, sikukhala mwini wake. Ndiye tikamaona nkhani zathu, zithunzi zathu ndi Chichewa chathu zikuyenda pa waya kupita kutali, tisadabwe ngati ndi zachilendo.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Magulu athu, la banki m'khonde ndi la alimi a mbatata, asasiye kope. Manambala a ogula, ngongole za mamembala, mitengo ya sabata iliyonse, zilembedwe ndi bolopeni ndipo kope likhale kwa mlembi, WhatsApp ikhale yongotumizira uthenga. Mitengo imeneyo tikaisunga zaka zitatu tidzadziwa tokha mwezi woyenera kukumba, m'malo momva kwa venda amene amabwera ndi sikelo yake ndi nkhani yake yakuti ku Blantyre mbatata yatchipa. Kwa a MACRA ndi aphungu athu, funso langa ndi la bandulo lija: chifukwa chiyani khomo lolowera m'nyumba ya kampani imodzi likhale lotchipa kuposa khomo lotulukira panja? Ngati ku India anafunsa, ifenso pakamwa tili napo.

Ndipo inu a m'tauni, makamaka ana athu amene mwaphunzira za makompyuta, mphwanga iwe ukumva. Kutukwana capitalism pa foni ya capitalism, ndi bandulo imene ndakugulira ine, sikusintha kanthu. Pali Wikipedia ya Chichewa, imene mwini wake si kampani yotsatsa malonda ndipo aliyense angathe kulembamo. Zolembedwa zake n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za anzathu a Chiswahili. Ukabwera pa holide, tenga kope ukakhale pansi ndi agogo ako, ufunse mmene tirigu anafikira ku Dambe, mayina a mbewu zakale, malire a mafumu athu a Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon. Zimene zili ndi umboni wa m'mabuku ukaziike kumeneko, zotsalazo tizisunge tokha, kope lina kusukulu, lina kwa amfumu. Ukatero ukaphunzitsenso alembi a magulu athu kusunga mitengo ija pa foni mwa njira yoti foni ikabedwa kapena gulu likatsekedwa zisatayike. Wa mayunitsi uja umutenge, ndiye amadziwa foni ya aliyense m'dera lino, ndipo anthu amamumvera kuposa iwe.

Pomaliza, za mjigo wathu wa kumunsi kwa sukulu. Wayamba kulemera popopa ndipo madzi akuchedwa kutuluka m'mawa, mmisiri akuti ndi malabala ndi mabushi. A komiti akuti chopereka cha mwezi uno chifike Loweruka lisanadutse. Inu a m'tauni amene makolo anu amamwa pamenepo, nambala ya msungichuma mukuidziwa, ndipo mukatumiza muonjezere kandalama kochotsera, musamusiyire ngongole.